Uyambire Phazi Lamanja

Vitumbiko mwana wanga,

Ndikulemba ndili m'shopu yathu ya mankhwala a ziweto. Dzuwa lili paliwombo, alimi ali kominda, ndipo chiyambire m'mawa amene walowa muno ndi nkhuku ya eni nyumba yoyandikana nafe. Iwe uli kumudzi ukutsanzikana ndi anthu. Udabwa kuti munthu amene umadya naye mbale imodzi akukulemberanji kalata ngati ali ku Joni. Chifukwa chake ukuchidziwa. Ndikati tikhale pansi tikambirane, wokamba adzakhala ine, woyankha adzakhalanso ine. Pepala lili ndi ubwino umodzi: silingakudule mawu. Ukatopa nalo ulipinda, ukafuna kulitsutsa ulitsutsa mpaka umalize.

Dzulo unandipempha chinthu ndipo sindinakuyankhe. Tinali pakhonde, iwe ukumanga chikwama. Unati, "Adada, Lachisanu ndi... ndi... ndi..." Ine monga mwa chizolowezi ndinalumphira: "Tinyamuke m'mamawa? Eya, ndaganiza kale." Unapukusa mutu. "Tinyamule ufa? Amayi ako akonza." Amayi akowo, ataima pakhomo lichero lili m'manja, anati, "Inu bambo a Vitu, kodi pakamwa pa mwanayo mumalipirapo lendi? Tamulekani amalize." Ndinatseka pakamwa. Unayang'ana pansi, phazi lako linagunda dothi, ndipo mawu anatuluka onse: "Ndipita ndekha."

Ndinadzuka n'kupita kukaona ng'ombe zimene sizinkafuna kuonedwa. Jekete ndinali nditasita kale. Ndinali nditakonzanso zokanena kwa akuluakulu a kukoleji ya za ziweto ku Lusaka: kuti mwana uyu ali ndi chibwibwi, mutu wake ndi wabwino, koma musamamufunse mafunso pagulu. Yankho lako lili kumapeto kwa kalatayi. Usathamangire kumeneko. Bambo ako akhala akuthamangira kumapeto kwa ziganizo zako chibadwire iwe, ndipo ndikufuna uone kaye zimene zinatulukamo.

Usanayambe sukulu, ankhazi ako a kwa Chikomeni, mlongo wanga uja, anabwera ndi nzeru yakuti lilime lako ndi lomangika. Ankadziwa mkulu wina amene ankadula kamnofu ka pansi pa lilime ndi lezala. Amayi ako anakana. Ine, munthu amene ndinamaliza sekondale n'kukhoza sayansi, ndinakukweza pa njinga. Sikuti ndinkakhulupirira kwenikweni. Ndinangotopa ndi kudikira. Mkuluyo analandira tambala wathu, iwe unakhala masiku osadya, ndipo chilonda chitapola mawu ako oyamba anali "a-a-amama." Tambala anapita, chibwibwi chinatsala. Ndiye tamvera. Mumzinda muli anthu ambiri odziwa kuchiritsa lilime lako, ena a mafuta odzoza, ena a madzi a m'botolo, ena a pafoni. Aliyense wolonjeza kuti pofika Lamlungu uzidzalankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi, umupatse moni n'kudutsa. Lilime lako linalibe mlandu. Wa mtima wapachala ndinali ine.

Lezala itakanika ndinapeza mankhwala ena oipa kuposa pamenepo: ndinasanduka pakamwa pako. Tsiku lolembetsa sukulu anafunsa iwe dzina, ndinatchula ndine. Alendo akakupatsa moni, "Tili makola" ankachokera kwa ine. Ndinkati ndikukuteteza. Tsiku lija kuchipatala ukulikumbuka. Thupi linali litatentha, unali utakana chakudya. Namwino anawerama n'kukufunsa, "Chikuwawa n'chiyani, mwana?" Pakamwa pako panatseguka koma mawu sanabwere. Mzere unali wautali, wina kumbuyo anatsokomola chitsokomolo chabodza. Ndinati, "M'mimba." Namwino anakuyang'ana, iwe n'kugwedeza mutu kuvomera. Tinabwerako ndi mankhwala a m'mimba. M'mawa mwake amayi ako anapeza mafinya pamene unatsamiritsa mutu. Anati, "Mwagwira ntchito, bambo a Vitu, m'mimba mwachira. Tsopano bwererani nalo khutulo."

Namwino uja analibe cholakwa, ndipo khutu linapola. Chimene sichinapole ndi kugwedeza mutu kuja. Unaphunzira tsiku limenelo kuti munthu akakumalizira mawu, ngakhale molakwika, kuvomera n'kofulumira ndipo aliyense amapuma. Ndakuona ukuchita zimenezi kwa aphunzitsi, kwa anzako, kwa ine kosawerengeka. Kumene ukupitako ukaleke zimenezo. Wokumalizira chiganizo amaikamo zimene zili m'kamwa mwake, osati mwako. Tsiku lina idzakhala ng'ombe ya munthu ili gone m'khola, iwe ukudziwa chimene chaigwetsa, mnzako wothamanga pakamwa n'kutchula china. Ukadzagwedeza mutu pamenepo, ng'ombeyo siidzabwerera nalo khutu mawa lake. Mzere udikire, Vitu. Anthu a pamzere safa ndi kudikira, amangotsokomola.

Chimene chinakuthandiza sindinachipeze ine, ndisakunamize. Unachipeza wekha, ine ndili pa kaliyala. Chinali chaka chimene bondo langa linatupa, iwe utangoyamba sekondale, ndipo Loweruka unkandipalasa kuchokera kwathu kumbali ya kwa Magodi kubwera ku boma kudzatsegula shopu. Tsiku limenelo tinamangirira katoni ya mankhwala a ng'ombe kutsogolo, zilembo zake zikukuyang'ana. Pa chitunda chija cha kutsidya kwa dambo unaimirira pa mapedulo, ndipo ndinamva ukung'ung'udza. Ndinatchera khutu. Phazi lililonse likatsika, kachidutswa ka liwu kankatuluka: an, ti, bi, OT, ic. Lamanzere, lamanja, lamanzere, lamanja mwamphamvu, lamanzere. Liwu lonse la antibiotic, limene anthu a mataye amalilambalala, linatuluka ngati madzi a pampopi m'kamwa mwa mwana amene ankavutika kupempha mchere. Unabwerezanso. Unabwerezanso mpaka pamwamba pa chitunda. Ine kumbuyoko ndinangoti zii, kuopa ngakhale kumeza malovu. Pa moyo wanga wonse ndi ulendo umenewo umene ndinakhala chete pa nthawi yake.

Kuyambira pamenepo tinapanga njira yathu, ndipo ndikuilemba pano kuti ukakakumana ndi mabuku onenepa usakaiyese chibwana cha kumudzi. Liwu lalitali la sayansi lili ngati mbuzi yosendedwa. Wosadziwa amatema ndi nkhwangwa paliponse, nyama n'kudzaza tizidutswa ta mafupa. Wodziwa amafufuza ndi chala polumikizana mafupa, mpeni n'kudutsa wokha. Yamba wachotsa mutu ndi mchira: anti, intra, sub kutsogolo, ic, al, ous kumbuyo. Ziwalo zimenezi zimabwerabwera m'mawu ambiri, ukazidziwa kamodzi wathana nazo. Chotsala pakati ndiye uchigawe m'maphatikizo, phatikizo lililonse phazi lake. Ukumbukire kuti maphatikizo athu onse amatha pakamwa pali potsegula, pamene Chingerezi chimakonda kutseka chitseko. Mus wa m'liwu la intramuscular ndi phazi limodzi, si ma-si ayi. Ukamawonjezera timawu tathu pakati, ukutalikitsa chitunda pachabe, ndipo iwe chitunda chachitali ndi chimene chimakugwetsa. Pomaliza upeze phatikizo lolemera, limene liwu lonse latsamirapo, ulipatse phazi lamanja. Enawo ndi opepuka, usalimbane nawo. Amangotsatira ngati tayala lakumbuyo.

Koma bambo ako sangaone chinthu chabwino osachiwonongako pang'ono. Ndinakusandutsa chionetsero. M'shopu mukadzaza alimi ndinkakuitana: "Vitu, tabwera uwauze akuluakuluwa zalembedwa pa botolopa." Unkaima pakauntala, phazi likugunda simenti, n'kutchula. Anthu m'manja phuphuphu, ine chifuwa kutupa. Tsiku lina a Nyirenda, mkulu uja wa ng'ombe zambiri ndi mano ochepa, anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Yewo, a Mtonga, wailesi yanu ilila bwino. Manje niuzeni, nkhupakupa zimvela Chizungu? Nifuna mankhwala ine, ng'ombe zikutha." Shopu yonse inaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, poti a Nyirenda ndi wogula wamkulu. Sindinakuyang'ane. Loweruka lotsatira unati uli ndi ntchito ya kusukulu, ndipo ndinabwera ku boma ndikukankha njinga ndi bondo langa lotupa. Zinandiyenera.

A Nyirenda sananame, ngakhale pakamwa pawo pali ngati minga. Liwu lalitali ndi chida, ngati jakisoni. Sitiyenda nalo m'manja pamsika kuti anthu aone. M'kalasi ulitchule lonse. Ukadzabwerera kuno kwa eni ng'ombe uzidzati "wobaya pamnofu," "wobaya pansi pa chikopa," ndipo adzakumva. Anzako akukoleji akadzatulukira kuti mnyamata wachibwibwi amatchula mawu amene iwo amapunthwa nawo, adzayamba: "Iwe, kamba lija timveko." Poyamba zidzakoma, chifukwa adzakhala akukusekerera. Ukane. Amene anakuimika pakauntala koyamba anali bambo ako, ndipo ngakhale iyeyo sankachitira iwe.

Tsopano nkhani ya mayi uja dokotala wa ziweto. Mawu onse amene ndinakuphunzitsa ndinawaphunzira ndi maso, pa mabotolo ndi pa timapepala ta m'makatoni. Sindinawamvepo akutuluka m'kamwa mwa munthu. Ife pakamwa pathu pamatsamira pa phatikizo loyandikana ndi lomaliza: chi-MA-nga, nkhu-pa-KU-pa. Mawu othera ndi ic anandinyenga chifukwa amayenda chimodzimodzi: an-ti-bi-OT-ic, par-a-SIT-ic. Ndinayesa Chingerezi chonse chinabadwira kwa Magodi. Choncho liwu la wobaya pamnofu lija ndinakuphunzitsa kuti in-tra-mus-CU-lar, ndipo unalipalasa choncho pa chitunda mpaka linakhazikika m'miyendo.

Mayi dokotalayo anachokera ku Chipata, analowa kudzagula masingano a jakisoni, n'kukumva ukuwerenga katoni. Analankhula mofatsa, wosafuna kunyoza munthu. "Wayesa, mwana. Koma kulemela kuli pa MUS: in-tra-MUS-cu-lar. Monga sub-cu-TA-ne-ous. Ubwelele kumbuyo kamodzi." Ine magazi anakwera. Ndinati, "Madamu, botolo limeneli ndayamba kuligulitsa inu muli ku pulayimale." Anandiyang'ana, anayang'ana botolo, n'kunena kuti, "Ndiye kuti botolo lapilila maningi." Anatenga masingano ake n'kutuluka. Pobwerera kumudzi unandifunsa uli pa mapedulo, "Adada, ti-tizinena bwanji?" Ndinayankha kuti, "M'shopu mwanga timanena mmene ndimanenera ine."

Mpaka lero umalitchula mwanjira yanga. Ndinakumva sabata yatha ukuthandiza wogula. Ndipo ndikudziwa kuti lolondola ukulidziwa, chifukwa foni yako imatchula mawu ukaifunsa, ndipo ndakumvapo kuseri kwa khola ukunena ngati mayi uja. Ukalowa muno umabweza kulemera pamene ndinakuika ine. Ukundisungira ulemu. Mwana wanga, ulemu umenewo ndakumasula. Mayi uja ankanena zoona. Mawu othera ndi ular, ical, eous amabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Ndipo kukonza kwake n'kochepa mochititsa manyazi: ungoyambira phazi lamanja m'malo mwa lamanzere. In lamanja, tra lamanzere, MUS lamanja. Basi. Ndinakangana ndi munthu wophunzira pamaso pa mwana wanga chifukwa cha phazi loyambira.

Alipo mawu ena ambiri amene ndakupatsa atatsamira mwendo wolakwika. Sindikuwadziwa onse, ndikanawadziwa sakanakhala olakwika. Udzawapeza limodzilimodzi, kawirikawiri pagulu, ndipo ena adzaseka. Akakukonza, sintha phazi, usatseke pakamwa. Liwu latsopano usalikhulupirire ndi maso okha: limve kaye kwa amene amaligwiritsa ntchito, kenako ulipalase. Udzapezanso aphunzitsi awiri akutchula liwu limodzi mosiyana, aliyense ali ndi satifiketi yake pakhoma. Usaweruze mlandu wawo. Utenge njira imene miyendo yako yalandira, bola anthu akumva chimene ukunena. Ng'ombe siifunsa kuti unatsindika pati.

Chimene chimandiwawa kuposa zonse n'chaching'ono, mwina iwe unaiwala, ngakhale sindikhulupirira. Lamlungu la achinyamata anakupatsa kuwerenga mawu kutsogolo, ndime yodzaza maina aatali a mafumu akale. Ine pampando thukuta linali kamukamu. Unaima, phazi linayamba kugunda pansi, ndipo unawoloka ndime yonse osagwa. Kumbuyo kwanga amayi ena ananong'onezana mokweza, monga amachitira, kuti, "Mwana wa a Mtonga avina ingoma m'tchalitchi." Potuluka unandiyang'ana ukudikira. Pa mawu onse amene bambo angauze mwana tsiku lotere, ine ndinasankha awa: "Uziwerenga osavina." Kuyambira pamenepo phazi unalibisa. Unayamba kupinda zala m'kati mwa nsapato, ndipo nsapato zako zinkabooka pamwamba, pa chala chachikulu, pamene za anzako zimatha kunsi. Mawu anayambanso kukakamira pakhosi. Ndinkaona zonsezi pogula nsapato zina. Dzulo pakhonde ndi pamene ndinalimvanso phazilo likugunda poyera, ndipo linagunda pofuna kundichotsa ine panjira. Sindikudandaula. Linasankha bwino.

Gunda pansi, Vitu. M'kalasi, pamaso pa aphunzitsi, pa mayeso a pakamwa, pamaso pa mtsikana amene udzamufune. Makolo athu anachoka kumwera akugunda nthaka ndi phazi ndipo palibe anati ndi matenda. Nsapato zatsopano zimene amayi ako anaitanitsa kwa abale awo a ku Kasungu ndinazigogoda pa tebulo, ndinati, "Izi ziphokosera anthu, chidendene chake ngati chiboda cha bulu." Anati, "N'chimene ndagulira." Amayi ako sanaphunzire za maphatikizo, koma pa nkhani yako akhala akuyambira phazi lolondola nthawi zonse, ine ndikuwatsutsa. Akuti ndikuuze kuti nsinjiro zili m'chigubu cha pansi pa malaya, usakhalire chikwamacho.

Tsopano yankho lako. Jekete ndaipachikanso kuseri kwa chitseko. Ku Lusaka sindipita. Zimene ndinakonza kukauza akuluakulu a kukoleji zikhala m'kamwa mwanga momwemo. Ngati pali chowauza, ukawauza wekha, mwa njira yako, pa liwiro lako. Usaganize kuti ndavomera mtima uli m'malo. Ndikuopa. Ndikuona tebulo lolembetsera, mzere kumbuyo kwako, munthu wotopa akufunsa dzina osadzutsa mutu. Dzina lako ndi limene limakuvuta kuposa mawu onse a pa mabotolo, ndipo chifukwa chake sichovuta kupeza: sindinakupatsepo mpata wolizolowera. Tikanadziwa tikanakutcha Joni. Koma agogo ako anati Vitumbiko, madalitso, ndipo nalonso ndi liwu ngati ena onse, lili ndi polumikizana pake. Vi-tu-MBI-ko. Kulemera kuli pachitatu, ngati liwu la mayi dokotala lija. Uyambire phazi lamanja. Likakanika, upume, uyambirenso. Mzere udikire.

Ukaimba foni n'kukhala zii pakati pa chiganizo, sindidzakuwa "halo, halo" ngati kale, kapena kunamizira netiweki. Ndidzagwira foni kukhutu n'kudikira. Amayi ako alonjeza kukhala pafupi ndi mthiko.

Mawa ndikuperekeza mpaka pokwerera minibasi za ku Chipata. Upalasa ndiwe, ine pa kaliyala, kuti ndikaone chitunda chija ndili kumbuyo kwako kamodzinso. Njinga ndibwerera nayo. Tikafika, kondakitala adzathamanga kudzalanda chikwama, ndipo adzayang'ana ine, chifukwa boma lonse likudziwa kuti mafunso a Vitu amapita kwa bambo ake. Adzati, "Mudala, ayenda kuti aba?" Ine ndakonza zoyang'ana tcheni cha njinga ngati chili ndi vuto.

Koma sindikudzikhulupirira. Chizolowezi chimene chakula pamodzi ndi iwe sichingafe ndi kalata imodzi. Choncho uime pafupi nane, kumanzere kwanga. Ukaona milomo yanga yayamba kugwedera, phazi lamanja lija ulitsitse pa langa, usandimvere chisoni. Nsapatozo n'zolimba. Ndidzamva.

Ndine dada wako.